Kutsata malipenga: London, Paris, Amsterdam

Lachinayi, London

Kuno dzuwa likulowa cha m'ma 4 koloko. Tatuluka mu sitima ya pansi pa nthaka ku Tottenham Court Road ndikuganiza kuti tsiku likadalipo, koma magetsi a mumsewu anali atayaka kale. Muphwa wanga, mwana wa mchemwali wanga amene akundisunga ku Lewisham, anangoseka. "Amalume, uno ndi Novembala. Musamayang'ane kumwamba, muziyang'ana wotchi."

Ndabwera kudzamva jazi. Ndakhala ndikuyimba bezi kutchalitchi ndi m'maukwati ku Blantyre kuyambira ndili mnyamata, ndipo zaka zapitazi foni yanga yadzaza ndi nyimbo za ana a kuno: Ezra Collective, Nubya Garcia, Kokoroko, Moses Boyd, Shabaka Hutchings. Chimene chakhala chikundisowetsa mtendere n'chakuti ana amenewa anatulukira kuti onse nthawi imodzi, ndipo n'chifukwa chiyani nyimbo zawo zimasiyana kwambiri ndi za anzawo a ku Norway kapena ku France, chonsecho zida ndi zomwezo. Pa mahedifoni ku Chilomoni yankho silimveka. Ndiye ndati ndikaone ndi maso zipinda zimene nyimbozi zimabadwira.

Tayambira ku Soho. Pa Broadwick Street pali sitolo ya zimbale yotchedwa Sounds of the Universe, yothina moti anthu amadutsana chammbali. Marekodi akuda a galamafoni aja tinawataya kwathu kalekale, kuno abwereranso, ndipo ogula ambiri ndi achinyamata. Ndagula We Out Here, chimbale chimene Brownswood, kampani ya Gilles Peterson, inatulutsa mu 2018. Muli nyimbo 9 zojambulidwa m'masiku atatu okha, Shabaka Hutchings akuyang'anira ntchito yonse. Ukawerenga mayina kuseri kwa chikuto umaona kuti anthu ndi omwewo, akungosinthana mipando: wotsogolera nyimbo iyi, mu inayo ali kumbuyo akuthandiza mnzake. Nyimbo yomaliza, ya Kokoroko, yofatsa ija, ndi imene inafalikira pa YouTube mpaka kufika kwa ife.

Kenako Ronnie Scott's, pa nambala 47 Frith Street. Kalabu imeneyi anaitsegula mu 1959 oyimba sakisofoni awiri, Ronnie Scott ndi Pete King, m'chipinda cha pansi pa Gerrard Street, kumene lero kuli malesitanti a Chitchaina, ndipo inasamukira pano mu 1965. Matikiti a chionetsero chachikulu anali atatha, ndiye tinakhala tsidya lina la msewu, ku Bar Italia, tikumwa khofi wowawa m'timakapu tating'ono mpaka nthawi ya chionetsero cha usiku kwambiri, chimene chimatsikako mtengo.

M'kati muli tinyale tofiira patebulo lililonse, mipando yokwera ngati masitepe, zithunzi za akuluakulu a jazi khoma lonse. Operekera zakumwa amayenda chowerama kuti asatchingire anthu. Anyamata anayi amene amayimba anali akatswiri, palibe chowanena. Woyimba bezi anali ndi dzanja lamanja lofewa moti chingwe amangochisisita koma mawu n'kudzaza chipinda. Komabe ndatuluka ndikudziwa kuti zimene zili mu foni yanga sizinabadwire muno. Muno ndi mofikira munthu akatchuka.

Lachisanu, Dalston

Muphwa wapita kuntchito, ndiye ndayenda ndekha. Ndatsika pa Dalston Kingsland, ndipo ndisanaone msika wa Ridley Road ndinali nditamva kale fungo la nsomba zouma. Chinangwa, therere, nthochi zophika, tsabola, amayi a ku Ghana ndi ku Nigeria akutsatsa malonda atavala zipewa zaubweya. Ndadya mpunga ndi nyama ya mbuzi nditaimirira, nthunzi ikutuluka m'kamwa.

Kungodutsa msewu waukulu pali bwalo lotchedwa Gillett Square, ndipo pamenepo pali Vortex, kalabu ya m'chipinda chapamwamba yolowa anthu pafupifupi 100. Inasamukira pano mu 2005 kuchokera ku Stoke Newington, ndipo ntchito zambiri, monga kulandira anthu pakhomo, amagwira ndi anthu ongodzipereka. Chapafupi pomwepo, pa Ashwin Street, pali Cafe Oto, imene inatsegulidwa mu 2008. Malo awiriwa ndi kwawo kwa jazi yosalembedwa, imene oyimba amakwera pa siteji osagwirizana chilichonse.

Ndabwera kuno chifukwa cha anthu a kwathu kumwera. Mu 1964 gulu la ku South Africa lotchedwa Blue Notes linachoka kwawo kupita ku chikondwerero cha jazi ku Antibes, ku France, ndipo silinabwererenso. Chris McGregor, wa piyano, anali mzungu. Dudu Pukwana, Mongezi Feza, Johnny Dyani, Louis Moholo ndi Nikele Moyake anali akuda, ndipo malamulo a tsankho anali atafika poti kuyimbira limodzi pa siteji kunali kuputa apolisi. Moyake anadwala n'kubwerera kwawo. Enawo anafika ku London mu 1965. Anapeza oyimba a kuno akutsanzira bwinobwino za ku America, iwo n'kubwera ndi kwela, nyimbo za m'tchalitchi, ndi ukali wa anthu othawa kwawo. McGregor anawasonkhanitsa pamodzi ndi Angerezi m'gulu lalikulu la Brotherhood of Breath, limene chimbale chake choyamba chinatuluka mu 1971. Nyimbo yotsegulira chimbalecho, ya Pukwana, imazungulira pa makodi ochepa omwewo amene Daniel ndi Donald Kachamba ankazungulirapo ku Chileka ndi gitala ndi kachitoliro. Kusiyana kwake n'kwakuti apa malipenga ndi ambirimbiri, ndipo pakati pa nyimbo aliyense amathawira kwake, kenako onse n'kukumananso.

Moyo wa kuno sunawakomere mtima. Feza anamwalira mu 1975 ali ndi zaka 30 zokha, ndipo patangopita masiku ochepa anzake anayi analowa m'chipinda n'kumulira ndi zida zawo kwa maola angapo. Kulira kumeneko ndi kumene kuli pa Blue Notes for Mongezi. Sichimbale choti n'kuika pophika. Dyani anamwalira mu 1986, McGregor ndi Pukwana onse mu 1990. Moholo yekha ndiye anaona ufulu, anabwerera ku Cape Town, ndipo watisiya mu 2025. Zimbale zawo zambiri zinasungika chifukwa cha kakampani kakang'ono ka Ogun, kamene anayambitsa Harry Miller, woyimba bezi wa ku South Africa yemwenso, ndi mkazi wake Hazel Miller, amene anakayendetsa zaka zambiri mwamuna wake atamwalira. Pa zimbale za Ogun ndimakonda kwambiri Spirits Rejoice! cha Moholo, cha 1978, chifukwa muli mabezi awiri, Dyani ndi Miller, wina akuyenda pansi wina akuuluka. Evan Parker, woyimba sakisofoni amene kwa zaka zambiri wakhala akuyimba pa Vortex mwezi ndi mwezi, alimo m'chimbale chimenechi.

Usiku ndakwera masitepe a Vortex. Oyimba anali atatu: mkulu wa imvi pa sakisofoni, mayi pa piyano, mnyamata pa ng'oma. Poyamba zinali ngati aliyense akulankhula zake. Mayi uja analowetsa dzanja m'kati mwa piyano n'kumakoka zingwe ndi zala. Mnyamata anaika kansalu pa ng'oma, n'kumakanda mbale yachitsulo ndi nsonga ya kamtengo mpaka mano kuyayamira. Ndinayang'ana omvera, ambiri akuluakulu, majekete ali pamiyendo, maso atatsinzina. Kenako mkulu uja anagwira kachidutswa ka nyimbo ka manotsi atatu, mayi anakatola, ng'oma inalowa pansi pake, ndipo kwa kanthawi onse atatu anali munthu mmodzi. Sizinakhalitse. Koma ndamvetsa chimene anthu amenewa amadikira atatsinzina. Zotere pa chimbale sindingazipirire. M'chipinda, ukuona dzanja likulowa mu piyano, ndi nkhani ina.

Loweruka, Southbank

Lero ndiye ndapeza chimene ndinadzera.

Novembala aliyense kumakhala EFG London Jazz Festival, ndipo kupatula zionetsero zolipira, ku Southbank Centre ndi ku Barbican kumakhala zina zaulere m'mabwalo a m'kati. Tawoloka mtsinje wa Thames pa mlatho wa oyenda pansi kuchokera ku Embankment, mphepo ikubaya m'makutu. Polowa mu Royal Festival Hall tinapeza ana, ndikuti ana enieni, a zaka 12, 15, 17, atabereka mabokosi a malipenga kumsana, wina akukoka bezi yaikulu yoimirira yomuposa msinkhu.

Muno ndi mmene bungwe la Tomorrow's Warriors limaphunzitsira. Analiyambitsa mu 1991 Gary Crosby, woyimba bezi wa makolo a ku Jamaica, ndi Janine Irons. Crosby anali m'gulu la Jazz Warriors m'ma 1980 pamodzi ndi Courtney Pine, nthawi imene achinyamata akuda a kuno anayamba kunena kuti jazi ndi yawonso. Ataona kuti mwana wa ku Peckham kapena ku Tottenham sangakwanitse kulipira mphunzitsi wa lipenga, anaganiza zophunzitsa ulere, makamaka ana akuda ndi atsikana. Lamulo lake ndi limodzi: wadziwa, phunzitsa mnzako. Ndiye werengani amene anadutsa m'manja mwawo: Soweto Kinch, Zara McFarlane, Shabaka Hutchings, Moses Boyd, Theon Cross, Cassie Kinoshi, Sheila Maurice-Grey wa Kokoroko, Nubya Garcia, ndi Ezra Collective. Ambiri mwa amenewa ndi mayina aja a kuseri kwa chikuto cha We Out Here chimene ndinagula dzana. Sanatuluke nthawi imodzi mwangozi. Anakulira m'chipinda chimodzi kumapeto kwa sabata iliyonse, kwa zaka.

Mu 2023 Ezra Collective inapata Mercury Prize, mphoto ya mapaundi 25,000 ya chimbale chopambana ku Britain ndi ku Ireland, ndi Where I'm Meant To Be. Kuyambira 1992 pamene mphotoyi inayamba, panali pasanapambanepo gulu la jazi. Femi Koleoso, wa ng'oma, polandira anakumbutsa anthu kuti iwo anakumana ku kalabu ya achinyamata, ndipo anathokoza amene amaphunzitsa ana m'malo oterewa. Chaka chotsatira anadzaza Wembley Arena, ndipo mu 2025 anatenga Brit Award ya gulu lopambana. Femi ndi mng'ono wake TJ, wa bezi, ndi ana a ku Nigeria okulira m'tchalitchi, ndipo zimamveka. TJ akagwira mzere umodzi sausiya, amaubwereza mpaka munthu udzuke pampando. Ife oyimba bezi kutchalitchi ntchito imeneyi timaidziwa.

Gulu limene tinapeza pa siteji yaulere linali la achinyamata asanu ndi awiri, atsikana atatu kutsogolo ndi malipenga. Anayamba ndi nyimbo yakale ya ku America, mwaulemu wake, aliyense kuyimba gawo lake n'kupatsira mnzake. Ndiye woyimba ng'oma anasintha mwadzidzidzi n'kulowa m'kayimbidwe ka Afrobeat, ndipo bwalo lonse linanyamuka. Agogo achizungu, amayi okankha tingolo ta makanda, anyamata a zipewa zotembenuza, onse. Mtsikana wa lipenga lalitali lokoka lija anaphonya noti ina poonekera, anaseka, mnzake anamugunda ndi phewa, nyimbo osaima.

Tikubwerera pa basi tinatsutsana ndi muphwa. Iye akuti imeneyi ndiye jazi yeniyeni, zina zonse ndi za m'nyumba zosungira zakale. Ine ndati pang'onopang'ono. Zimbale zina za ana a London zimatopetsa ukazimvera uli khale, chifukwa zinapangidwira anthu oimirira: kodi imodzi, ng'oma yamphamvu, lipenga likukuwa, basi. Koma zabwino zake n'zabwinodi. Source cha Nubya Garcia, cha 2020, chili ndi bezi yolemera ya reggae ndi kayimbidwe ka cumbia ka ku Colombia, ndipo sakisofoni yake siithamanga, imalankhula mawu amodziamodzi ngati munthu wamkulu. Your Queen Is a Reptile cha Sons of Kemet, gulu la Shabaka Hutchings, cha 2018, chilibe piyano, chilibe gitala, chilibe ngakhale bezi: ng'oma, sakisofoni, ndi chilipenga chachikulu cha tuba cha Theon Cross chikugwira ntchito yanga. Nyimbo iliyonse anaipatsa dzina la mayi wakuda amene iwo amamuyesa mfumukazi, ndipo Albertina Sisulu ali pomwepo.

Shabaka ndiye munthu wovuta kumutsatira. Anabadwira ku London, anakulira ku Barbados, anapita ku Johannesburg kukajambula Wisdom of Elders ndi oyimba a kumeneko monga Siyabonga Mthembu ndi Tumi Mogorosi, chimbale chimene chinatuluka mu 2016. Ngongole ya a Pukwana anakaibweza kwawo. Atafika pachimake penipeni, kumapeto kwa 2023, anaika sakisofoni pansi n'kuyamba zitoliro, kuphatikizapo cha nsungwi cha ku Japan chotchedwa shakuhachi. Muphwa akuti anawononga. Ine chimbale chake cha zitoliro cha 2024 ndimachikonda, koma ndikumvetsa mkwiyo wa munthu amene anazolowera kuvina.

Lamulungu, kupita ku Paris

Muphwa wandiperekeza ku St Pancras ndi malangizo ambirimbiri ngati ine ndiye mwana. "Amalume, chikwama kutsogolo. Foni musaike m'thumba la kumbuyo." Ndavomera zonse. Eurostar imatenga maola awiri ndi mphindi zochepa kukafika ku Gare du Nord, ndipo gawo la pansi pa nyanja ndi mdima chabe wa mphindi 20 kapena kuposerapo pang'ono. Palibe choona.

Munjira ndamvera Malia. Ambiri kwathu samudziwa, chonsecho ndi mwana wa ku Malawi: mayi ake Mmalawi, bambo ake Mngerezi, anasamukira ku London ali mtsikana. Ulendo wake wa nyimbo unatsegukira ku France, pamene anagwira ntchito ndi André Manoukian pa chimbale chake choyamba, Yellow Daffodils, mu 2002. Black Orchid, chimene anayimba polemekeza Nina Simone, chinamupatsa mphoto ya Echo Jazz ku Germany mu 2013, ndipo mu 2016 anatulutsa Malawi Blues/Njira. Mawu ake ndi okhuthala, osasa pang'ono, osafulumira. Ndi woyimba wa jazi ya ku Ulaya mokwanira, ndipo ndi wathu.

Kachipinda kanga kali pamwamba penipeni pa nyumba yopanda chikepe. Ndagona msanga.

Lolemba, Paris

Rue des Lombards ndi kamsewu kakafupi pafupi ndi Châtelet, ndipo pamenepo pali makalabu atatu oyandikana: Duc des Lombards, Sunset-Sunside ndi Baiser Salé. Ukaima pakati pa msewu usiku umamva ng'oma kuchokera mbali ziwiri. Mzinda uno ulinso ndi wayilesi yoyimba jazi usana ndi usiku, TSF Jazz. Ndinaimva m'kalesitanti kamene ndinadyera buledi ndi supu ya anyezi.

Ndasankha Baiser Salé chifukwa ndi kumene oyimba a ku Africa ndi a ku zilumba za Caribbean akhala akukumanirana kwa zaka, ndipo Lolemba aliyense wodziwa kuyimba amatha kukwera pa siteji. Paris ndi likulu la oyimba bezi a ku Cameroon. Richard Bona anadutsa muno asanapite ku New York. Étienne Mbappé, amene amayimba atavala magolovesi akuda, anakhazikika mumzinda uno. Usiku uno anasinthana bezi anyamata angapo, aliyense wothamanga zala kuposa mnzake, ine n'kungopinda manja anga bwinobwino. Wina anandifunsa ngati ndikwere. Ndati ndabwera kudzamvera.

Pa nthawi yopuma ndinacheza ndi woyimba piyano wina wolankhula Chingerezi chothyokathyoka, ndipo anandifotokozera chinthu chimene chandikhala m'mutu. Ku France woyimba akagwira ntchito yolembedwa maola 507 pa miyezi 12, amalowa m'ndondomeko ya anthu a zisudzo ndi nyimbo, ndipo masiku amene alibe ntchito amalandira ndalama ya ulova. Ndiye munthu akhoza kukhala miyezi akukonza chimbale chachilendo chimene sichidzagulidwa kwambiri, osaopa lendi. Ku London ndinaona ana ophunzira ulere koma oyenera kudzaza holo kuti adye. Kuno ndikuona akuluakulu opatsidwa nthawi. Zonsezi zimamveka m'nyimbo.

Tamverani Belle Époque, cha 2014, cha Vincent Peirani ndi Émile Parisien. Anthu awiri okha, akodiyoni ndi sakisofoni yaing'ono yowongoka, akukumbukira Sidney Bechet, Mmerika wa ku New Orleans amene anathera moyo wake ku France. Palibe ng'oma, palibe bezi, koma sukusowa kanthu. Peirani, chimunthu chachitali choyimba chopanda nsapato, amapumitsa akodiyoni ngati chifuwa. Ndiye palinso Ibrahim Maalouf, wobadwira ku Beirut, amene lipenga lake lili ndi mabatani anayi m'malo mwa atatu. Bambo ake, Nassim Maalouf, ndi amene analikonza chotero kuti lizitha kutulutsa manotsi a pakatikati a nyimbo za Chiarabu. Iyeyu amadzaza maholo aakulu, ndipo okonda jazi ena amamunyogodola chifukwa cha zomwezo. Mkangano wa pa basi ya ku Lewisham uja kunonso ulipo.

Lachiwiri, kupita ku Amsterdam

Sitima yadutsa Brussels, Antwerp ndi Rotterdam, maola atatu ndi kanthu. Kunja dziko lathyathyathya, minda yonyowa, ngalande zowongoka, kumwamba kotuwa. Ndaona kuti imeneyi ndiye nthawi yomvera zimbale za kampani ya ECM.

Ku Munich ndi ku Oslo sindifikako ulendo uno, koma munthu sungakambe za jazi ya ku Ulaya osatchula kampani imeneyi. Manfred Eicher, amenenso anali woyimba bezi, anaiyambitsa ku Munich mu 1969, ndipo zimbale zake zambirimbiri zinajambulidwa ku Oslo ndi katswiri wa situdiyo Jan Erik Kongshaug, mwini Rainbow Studio, amene anamwalira mu 2019. Ukaika CD yawo pamadutsa timasekondi tachete nyimbo isanayambe. Zikuto zake ndi nyanja, chifunga, msewu wopanda munthu. Mawu a chida chilichonse amapatsidwa malo oti alire mpaka azimiririke okha. Mpaka 2017 nyimbo zawo sizinkapezeka pa Spotify, n'chifukwa chake ambiri a ife tinazidziwa mochedwa.

Officium, cha 1994, Jan Garbarek wa ku Norway anachijambula m'nyumba ya amonke ya St. Gerold ku Austria: amuna anayi a Hilliard Ensemble akuyimba nyimbo zakale za Chilatini, sakisofoni ikuyendayenda pakati pawo. Chinagulidwa kwambiri. Ine chimandigwira nyimbo zitatu zoyamba, kenako ndimayamba kufuna kuti wina agwetse kapu. Amene ndimamumva mpaka m'mafupa ndi Tord Gustavsen, wa ku Norway yemwenso. Anakulira pa piyano ya m'tchalitchi, ndipo pa Changing Places, cha 2003, makodi ake ndi a m'buku la nyimbo za Mulungu, ongochedwetsedwa. Woyimba ng'oma wake, Jarle Vespestad, amamenya mofewa moti mu sitima ndinachita kukanikiza mahedifoni ndi manja.

Nditatopa ndi kufatsa ndinaika Esbjörn Svensson Trio a ku Sweden, a kampani ina ya ku Germany, ACT. Awa ndiwo anasonyeza kuti piyano, bezi ndi ng'oma zikhoza kukoka khamu la achinyamata. Dan Berglund ankalumikiza bezi yake yoimirira ku timakina ta oyimba rock, n'kuikhwekhweretsa ndi uta mpaka kulira ngati gitala yamagetsi. Svensson anamwalira mu 2008 pa ngozi yosambira pansi pa madzi, ali ndi zaka 44. Berglund ndi Magnus Öström, wa ng'oma m'gulu lomwelo, pano amayimba ndi Bugge Wesseltoft m'gulu la Rymden. Aliyense womvera GoGo Penguin a ku Manchester akumva zidzukulu za anthu amenewa.

Usiku ndayenda wapansi kuchokera ku Centraal, m'mbali mwa madzi, kupita ku Bimhuis. Ndi chibokosi chakuda chotulukira m'mbali mwa nyumba yaikulu ya nyimbo ya Muziekgebouw, m'mwamba. Anayambitsa malowa ndi oyimba eni ake mu 1974, ndipo analowa m'nyumba ino mu 2005. Mipando imazungulira siteji motsetsereka, ndipo kumbuyo kwa oyimba kuli galasi lalikulu, moti ukumvera uku ukuona sitima zikulowa ndi kutuluka mumzinda. Lachiwiri ndi usiku wa ophunzira ndi aliyense wofuna kuyesa. Mnyamata wina wa gitala anayamba nyimbo mothamanga kwambiri, wa ng'oma anamuyang'ana, n'kuchedwetsa dala, mpaka onse anaseka. Mayi wachikulire amene anakhala pafupi nane anati amabwera sabata iliyonse, ndipo theka la zimene amamva n'zosapsa, koma amabwerabe.

Lachitatu, Amsterdam

Njinga zatsala pang'ono kundipha kawiri konse ndisanamwe tiyi. Kanjira kofiira si ka anthu oyenda pansi.

Ndakhala m'mawa wonse ku Concerto, sitolo ya zimbale pa Utrechtsestraat, ndikufufuza za Instant Composers Pool. Gulu limeneli analiyambitsa mu 1967 Misha Mengelberg, Han Bennink ndi Willem Breuker, ndipo ankadzitulutsira okha zimbale, zikuto zambiri akujambula Bennink mwini. Mengelberg ndi Bennink ndi amene anaperekeza Eric Dolphy, woyimba sakisofoni wa ku America, pa chimbale cha Last Date mu 1964, milungu yochepa Dolphy asanamwalire. Adatchi anabweretsa chinthu chimene ku Oslo kulibe: nthabwala. Bennink, wobadwa mu 1942, amatha kusiya ng'oma n'kukhala pansi, kumenya matabwa a siteji, nsapato yake, mpando, ndipo kuthamanga kwa nyimbo osasokonekera ngakhale pang'ono. Mengelberg anamwalira mu 2017 koma gulu likuyimbabe.

Ndapeza chimbale chawo chimodzi chogwiritsidwa kale ntchito, ndi Spirits Rejoice! chimene ku London ndinachisowa. Wogulitsa anachitulutsa m'chikuto, anachipendeketsa pa nyale kuti ndione kuti chilibe zokanda, n'kuchipukuta ndi kansalu asanandipatse.

Vuto tsopano ndi kulemera kwa chikwama, chifukwa marekodi si nthenga, ndipo galamafoni ya malemu bambo ilibe singano. Ndamulembera muphwa pa WhatsApp kuti andifunire singano ndisanafike mawa. Wayankha kuti, "Amalume, singano ya chiyani?" Ndamutumizira chithunzi.